Thandizeni: ntchito ya intern mu ofesi ya phungu ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndine wophunzira wa pa MUBAS ndipo mwezi wamawa ndiyamba ntchito ya intern (yophunzirira ntchito) mu ofesi ya phungu wina kuno ku Blantyre. Amene munagwirapo ntchito yotere, chonde ndiunikireni.

Chondivuta kwambiri ndi madandaulo a anthu. Wina akabwera kudzapempha mjigo, mlatho kapena fizi ya mwana, ndikuganiza zolemba m'kaundula tsiku, dzina, wodi yake, nambala ya foni, vuto lenileni ndi kumene nkhaniyo yatumizidwa. Kodi m'pofunikanso kusunga fotokope ya chiphaso cha unzika? Ine ndikuona ngati n'kuika zinsinsi za anthu pambalambanda, makamaka ngati kompyuta ndi imodzi yogwiritsa ntchito aliyense.

Ndalama za CDF (thumba la chitukuko cha m'dera la phungu) zimadutsa ku khonsolo, sizisungidwa mu ofesi ya phungu, koma anthu ambiri amabwera akuyembekeza kubwerera ndi kanthu m'manja. Ndiye pempho la mlatho liyambe ku komiti ya chitukuko ya m'wodi, kwa khansala, kapena kalata ipite ku Civic Centre (kulikulu la khonsolo ya mzinda wa Blantyre) mwachindunji? Nanga mumamuyankha bwanji munthu popanda kumulonjeza zomwe simungakwanitse?

Bwana akakhala ku Lilongwe pa zokambirana za Nyumba ya Malamulo, kodi intern amawerenga Order Paper (ndandanda wa zokambirana za tsikulo) ndi Hansard (zolembedwa za zonse zomwe aphungu alankhula) n'kuwalembera chidule? Tsamba limodzi limakwana?

Komanso akandituma kumsonkhano wa chipani, ndingakane mwaulemu bwanji? Kalata ya kusukulu ikungonena za ntchito ya mu ofesi basi.