Thandizeni: Chijeremani chikuti umgeht, Chifalansa chikuti contourner, ine ndalemba kuthana

Nabanda, Dowa

Akuluakulu, moni nonse. Ntchito yandikanika ndipo Lachisanu m'mawa ndiyenera kuipereka. Bungwe lina lomwe ndalama zake zimachokera ku Germany likukhazikitsa komiti yoyang'anira mijigo, ya anthu a mumsasa wa Dzaleka pamodzi ndi a m'midzi yoyandikana nawo. Malamulo a komitiyo adalembedwa m'Chijeremani, kenako adawamasulira m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Ine adandipatsa a Chingerezi kuti ndiwaike m'Chichewa.

Dzulo tidawawerenga pamaso pa anthu. Ndime 4 m'Chingerezi ikuti "how the committee deals with conflicts at the water point". Ndidalemba kuti "momwe komiti ithanire ndi mikangano pa mjigo", mafumu n'kuvomereza. Koma mayi wina wa ku Congo amene ankatsatira pepala la Chifalansa adadzuka n'kufunsa kuti tikusankhiranji komiti yoti izizemba mikangano. Pepala lake likuti "contourner les conflits". Msonkhano udathera pomwepo. Ndapempha chikalata choyambirira, anditumizira, ndipo chikuti "Wie das Komitee mit Konflikten an der Wasserstelle umgeht". Mu dikishonale ndapeza kuti umgehen ndi kulambalala. Ndiye walakwitsa ndi wa Chingerezi kodi?

Achimwene a ku Hamburg

Ayi achemwali, wa Chingerezi walondola, wa Chifalansa ndiye wagwa m'mbuna. Aneni awiri osiyana amalembedwa mofanana, umgehen. Woyamba mawu amatsindika pa um, amayenda ndi mit, ndipo m'chiganizo wamba amaduka pakati: "Wir gehen mit dem Problem um". Tanthauzo lake ndi momwe ukuchitira nalo vutolo, m'Chingerezi "handle" kapena "deal with". Wachiwiri amatsindika pa ge, safuna mit, saduka: "Wir umgehen das Problem", kulilambalala, m'Chingerezi "get round" kapena "bypass". Msewu wolambalala mzinda, ngati uja wa kumadzulo kwa Lilongwe, kuno amautcha Umgehungsstraße. M'nthawi yakale amasiyana poyera, woyamba umgegangen, wachiwiri umgangen.

Chomwe chasokoneza pa ndime yanuyo n'chakuti chiganizo chayamba ndi wie, ndiye mneni wapita kumapeto ndipo woduka uja walumikizananso. "Wie das Komitee mit Konflikten umgeht" ndi "Wie das Komitee Konflikte umgeht" akusiyana ndi mit ndi n mmodzi basi. Yanuyo ili ndi mit. Mayi wa ku Congo uja adawerenga bwino zomwe adampatsa.

Aphunzitsi a Chifalansa, Zomba

Ndikugwirizana nawo achimwenewa. Apa pafunika "gérer les conflits", ndiwo mawu amene amagwira ntchito ya umgehen mit: kuyendetsa nkhaniyo tsiku ndi tsiku, popanda kulonjeza kuti mikangano idzatha. Akadafuna kulonjeza akadati régler kapena résoudre, omwe ndi "settle" ndi "solve", m'Chijeremani beilegen ndi lösen. Contourner ali m'gulu limodzi ndi éluder ndi esquiver, onsewo ndi ozemba. Mayi Nabanda, onani ngati umgehen sakupezekanso pena m'chikalatamo, chifukwa amene adalakwitsa kamodzi wabwerezanso.

Bambo Phiri, Blantyre

Mwanawe Nabanda, nkhani ya Chifalansa yamveka, koma ine ndabwera ndi Chichewa chako. Kuthana ndi chinthu n'kufika nacho pamapeto, mawuwo akuchokera ku kutha. Tikati boma lathana ndi kolera m'boma lakutilakuti, munthu amamva kuti odwala kulibenso. Ajeremani aja sadalonjeze zimenezo. Iwo angoti pakabuka mkangano komiti izichita zakutizakuti. Mafumu adavomereza chifukwa adamva lonjezo lalikulu kuposa lomwe lili papepala. Pakadutsa miyezi itatu amayi n'kumakanganabe pa mzere wa zigubu, adzati komiti yalephera, pomwe komitiyo ikuchita zomwe idalembedwa.

Ndamasulira zikalata za mabungwe zaka zoposa 25 ndipo ndimauza aliyense amene ndikumuphunzitsa kuti "deal with" ndi thumba lobisa zinthu. Muli kuthetsa, muli kusamalira, muli kulanga, muli kungokambirana. Ukangolipeza, funsa kuti m'chinenero choyambirira mudali chiyani.

Chisomo, wophunzira kumasulira

Bambo Phiri, pepani ndikutsutseni pang'ono. Pa wailesi tsiku lililonse timamva "kuthana ndi umphawi", "kuthana ndi katangale", ndipo palibe amene amaganiza kuti umphawi utha mawa. Mawuwa adafooka kale, masiku ano akungotanthauza kuchitapo kanthu. Nanga tilembe chiyani? "Kusamalira mikangano" kukumveka ngati mikanganoyo tikuiweta. "Kulimbana ndi mikangano" ndiye kukuwonjezera ndewu pa ndewu.

Bambo Phiri, Blantyre

Ukunena zoona mwanangu kuti pa wailesi mawuwa adafooka. Koma pa wailesi palibe amene amasainira. Apa mfumu iika chidindo, ndipo tsiku la mlandu pepalali lidzawerengedwa mokweza pansi pa mtengo. Komanso sikuti pa mneni aliyense wa Chijeremani pafunika mneni mmodzi wa Chichewa. Ingomasula chiganizocho momwe munthu angayankhulire: "zomwe komiti izichita pakabuka mkangano pa mjigo". Palibe kulonjeza, palibe kuzemba, ndipo gogo wosapita kusukulu amva.

Nabanda, Dowa

Ndatenga imeneyo, zikomo bambo. Aphunzitsi, ndafufuza monga mwanenera ndipo thupi langa lachita tsembwe. Ndime 7 ikuti "Umgang mit neu angekommenen Familien". Chingerezi "dealing with newly arrived families". Chifalansa apa chili bwino, "accueil des familles nouvellement arrivées". Ine ndidalemba "kuthana ndi mabanja obwera kumene". Dzulo sitidafikepo chifukwa msonkhano udasokonekera pa ndime 4.

Bambo Phiri, Blantyre

Mulungu adakuchitira chifundo kuti sudawerenge zimenezo. Munthu akati "ndithana nawe" tonse tikudziwa chomwe chikubwera. Kuuza anthu othawa nkhondo kuti komiti ithana nawo, pamaso pa eni nthaka, ndi mawu oti sakadafufutika ndi kupepesa. Lemba "momwe tingalandirire mabanja obwera kumene" kapena "momwe tingakhalire nawo".

Achimwene a ku Hamburg

Inde, Umgang mit anthu ndi kakhalidwe kako ndi anthuwo, mpaka Umgangsformen ndi makhalidwe aulemu. Achemwali, tiikireninso ndime zina zomwe zili ndi mneni wokhudza vuto, tizione zonse lero.

Nabanda, Dowa

Zilipo ziwiri. Ndime 9 ikukamba za ndewu yomwe idachitika pa mjigo wina chaka chatha: "Das Komitee setzt sich mit den Vorfällen auseinander und trägt zur Aufarbeitung bei". Chingerezi "confronts the incidents and contributes to a review". Chifalansa "affronte les incidents". Ine ndidaika "ilimbane ndi zomwe zidachitika".

Ndime 11: "die Wasserknappheit in der Trockenzeit bewältigen". Chingerezi "cope with", Chifalansa "pallier à la pénurie d'eau". Ine "kupirira kusowa kwa madzi m'chilimwe".

Achimwene a ku Hamburg

Pa ndime 9 ndichedwepo, chifukwa mawuwa adandivuta zaka zambiri. Auseinandersetzen tikawaphwanya ndi kukhazika zinthu motalikirana, china apa china apo. Dzina lake, Auseinandersetzung, limatha kutanthauza mkangano weniweni, apolisi akalemba "tätliche Auseinandersetzung" ndiye kuti anthu adamenyana. Koma "sich mit etwas auseinandersetzen", chinthucho chikakhala nkhani osati munthu, ndi kukhala nayo pansi mofatsa, kuitembenuza uku ndi uku mpaka kuimvetsa. Wophunzira amachita zimenezi ndi buku. M'Chingerezi "engage with", "grapple with" kapena "examine". "Confront" sadalakwitse kwenikweni, koma adakokera mawuwo kumbali ya ndewu, wa Chifalansa n'kukokanso, inunso n'kukoka kachitatu. Akadafuna kunena za kulimba mtima osathawa, Mjeremani akadati "sich den Vorfällen stellen". Akadafuna kuyamba kugwira ntchito pavutolo, angehen kapena anpacken, "tackle".

Aufarbeitung ndi mawu olemera kwambiri kuno kuposa "review". Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, Ajeremani adakhala zaka akukangana za momwe angakambire zoipa za nthawi ya Hitler. Mawu amodzi adali Vergangenheitsbewältigung, kuchokera ku bewältigen yemweyo wa pa ndime 11, ndipo ambiri amawakana poti akumveka ngati zakale ungazigonjetse n'kutseka buku. Katswiri wina wa maphunziro wa ku Germany, Theodor Adorno, adakamba nkhani yotchuka mu 1959 yofunsa tanthauzo lenileni la Aufarbeitung der Vergangenheit. Lero mawuwa amagwiritsidwa ntchito pa milandu ya nkhanza m'matchalitchi, pa zomwe apolisi achinsinsi a Stasi ankachita ku East Germany, ndi zina zotero. Amene adalemba chikalata chanucho akutanthauza kufukula zomwe zidachitika, kumvera olakwiridwa, ndi kunena poyera amene adalakwa. Si kungowerenga lipoti ayi.

Mama wa ku Dzaleka, womasulira pakamwa

Dada Nabanda, ndine ndimamasulira Chiswahili ndi Chifalansa kuchipatala ndi m'misonkhano kuno. Chonde affronter achoke. Anthu ochokera ku Kivu, kum'mawa kwa Congo, amadziwa affrontements ngati mawu a pa wailesi m'mawa wa tsiku lomwe zigawenga zawomberana ndi asilikali. Mukati komiti "affronte" zomwe zidachitika pa mjigo, ena amva kuti mukukonzekera kubwezera. Msasawu udatsegulidwa mu 1994 ndipo muli anthu oposa 50,000 pamalo omwe adakonzera anthu ochepa kwambiri, ndiye nkhani ya madzi ndi yotentha kale. Ndikuuzeninso kuti amayi ambiri otunga madzi Chifalansa sachidziwa bwino, amayankhula Chiswahili, Kirundi kapena Kinyarwanda. Amene adzawafotokozere pakamwa adzatengera pepala la Chifalansa lomwelo, choncho cholakwika chikakhala mmenemo chifalikira m'zinenero zitatu.

Aphunzitsi a Chifalansa, Zomba

Mama anena zoona. Affronter achokera ku front, chipumi, ndiye kuti kugundana zipumi ndi mdani kapena ngozi. Confronter ndi wina, ndi kuika zinthu ziwiri kapena mboni ziwiri maso ndi maso kuti uone kusiyana, n'chifukwa chake "confront a problem" sitimasulira kuti "confronter un problème", ngakhale "être confronté à un problème", kukumana ndi vuto, ndi Chifalansa chabwino. Pa ndime 9 ndikadalemba "examine les incidents et contribue à faire la lumière sur ce qui s'est passé". "Se pencher sur" angathenso, kuweramira pankhaniyo.

Pa ndime 11 pali zolakwika ziwiri. Pallier safuna à, timati "pallier la pénurie", ndipo Académie française, bungwe loyang'anira Chifalansa ku France, imadzudzula "pallier à" ngakhale anthu ambiri amatero. Chachikulu ndi tanthauzo: pallier achokera ku liwu la Chilatini la chofunda, kuphimba vuto kwa kanthawi, ngati soins palliatifs, chisamaliro chochepetsa ululu kwa wodwala amene sachira. Bewältigen saphimba. Apa "surmonter la pénurie", kapena "faire face à la pénurie" ngati akufuna mawu odekha.

Chisomo, wophunzira kumasulira

Aphunzitsi, nanga "se débrouiller"? Tidaphunzira kuti ndi "cope" kapena "manage".

Mama wa ku Dzaleka, womasulira pakamwa

Ayi mwanangu, amenewo asayandikire n'komwe. Aliyense wa ku Congo amadziwa "Article 15, débrouillez-vous", lamulo losalembedwa la nthawi ya Mobutu, mtsogoleri wakale wa dzikolo, loti boma silikuthandiza, udzionere wekha. Mukalemba zimenezo pa nkhani ya madzi, ndiye kuti mwawauza kuti m'chilimwe aliyense aziona yekha kotunga.

Bambo Phiri, Blantyre

Ndipo kupirira kwako, Nabanda, n'chimodzimodzi. Timapirira maliro, timapirira matenda osachiritsika. Komiti sisankhidwa kuti ipirire. Achimwene a ku Hamburg, bewältigen ameneyu ali ndi mphamvu yotani?

Achimwene a ku Hamburg

Ndi pachibale ndi Gewalt, mphamvu. Munthu amabewältigen ntchito yaikulu, phiri, mavuto a zachuma, ndiye kuti chinthucho chidali cholemera koma wachikwanitsa. "Manage", "master", "overcome". Akadafuna kungoti tizikhala nalo vutolo momwe lilili, akadati zurechtkommen mit kapena klarkommen mit, amenewo ndiye "cope" weniweni.

Bambo Phiri, Blantyre

Basi, apa ndi pamene kuthana kwako kuja kukhale, ndipo Chisomo asangalale: "kuthana ndi kusowa kwa madzi m'chilimwe". Pa ndime 9 ndikadati "komiti ikhale pansi n'kuunika zomwe zidachitika, ndipo ithandize kuti chilungamo chake chidziwike". Chinthu china: pepala la Chifalansa usalikonze wekha mwakachetechete. Si ntchito yomwe adakulemba, ndipo akadzapeza kuti mapepala asintha osadziwa, mlandu udzakhala wako. Lembera amene adakupatsa ntchitoyo, ika ndime zinayi, Chijeremani chake, zomwe zalembedwa ndi zomwe ukuganiza kuti zilembedwe. Uwauzenso kuti Chichewa chako pa ndime 9 ndi 11 chatsatira Chijeremani osati Chingerezi, ndi chifukwa chake.

Nabanda, Dowa

Ndatumiza kalatayo usiku ndipo ayankha m'mawa uno. Avomera gérer pa ndime 4, examiner ndi "faire la lumière" pa ndime 9. Pa ndime 11 asankha "faire face à", ati surmonter akulonjeza zambiri chifukwa mijigo iwiri imaphwa mu Okutobala ndipo ndalama zokumbira ina palibe chaka chino. Chingerezi asintha kukhala "address". Ndawafunsa kuti ngati zili choncho Chijeremani chisinthenso, poti bewältigen akulonjeza zomwe iwo akukana, ndipo ati alemba "der Wasserknappheit begegnen". Ndiye ndachotsanso kuthana, ndaika "kuchitapo kanthu pa kusowa kwa madzi m'chilimwe". Msonkhano aukonzanso Lachiwiri. Mama, ndapereka dzina lanu kuti mudzamasulire m'Chiswahili, ndikutumizirani mapepala onse anayi madzulo ano kuti muwaonetu.

Mama wa ku Dzaleka, womasulira pakamwa

Tumizani dada. Ndipita nawo kwa mayi uja adadzuka pamsonkhano kuti awerenge ndime 4 yatsopanoyo Lachiwiri lisadafike.