Mvula ikakuona litsiro siikata, kodi kwenikweni akutanthauza chani?

Akuluakulu tandithandizeni pamwambi uwu. Ambiri amati ukunena mavuto oti akakuyamba amangobwera motsatizana, lero matenda mawa ngongole, koma ena akuti ayi ukunena munthu amene wakupeza pofooka ndiye sakusiyanso, amangokutokosa pomwepo. Zikusiyanatu izi, kwinaku mvula ndi tsoka chabe pomwe kwinaku mvulayo ili ndi maso, yachita kukuona.

Ine pomwe pandigwira mpoti siikata. Mvula ya mabingu wamba ija sichedwa kukata, mtambo umodzi umatha pamphindi 30 kapena ola basi. Dzuwa likawotcha pansi mpweya wotentha wachinyontho umakwera, mtambo nkumatukumuka mpaka makilomita 12 kapena kuposa, pamwamba nkuphwaphwatika ngati tebulo chifukwa wafika poti sungakwerenso. Ndiye madontho ndi matalala zikalemera zimatsika ndi mpweya wozizira, mpweya umenewu ndi umene umatseka njira ya wotentha uja, mtambo wadzipha wokha, kunja kwayera.

Koma ilipo inzake yosamva. Mphepo ya m'mwamba ikamathamanga mosiyana ndi ya pansi mtambo umapendekeka, mvula nkumagwera pambali osatsekanso njira ija, ndipo mpweya wozizira ukafika pansi umayenderera kutsogolo, ndi kamphepo kozizira kaja kamabwera ndi fumbi zitseko nkumamenyeka dontho lisanagwe, umalowa kunsi kwa mpweya wotentha nkuutukula, pomwepo mtambo wina wabadwa. Wakale ukufa kumbuyo watsopano akukula kutsogolo, mitambo nkundandalika mzere wa makilomita mazanamazana, usiku onse kukugunda. Choipa kwambiri mpamene yatsopanoyo ikubadwira malo amodzimodzi nkumadutsa pamutu panu umodzi umodzi, inu mumvekere yakata kenaka iyo yayambanso, madzi osefukira ambiri amayamba choncho.

Nchifukwa chake ine ndikutsamira kutanthauzo loyamba lija, vuto lina kubala linzake, ngakhale ndikudziwa kuti opanga mwambi sankayeza mitambo. Koma litsiro ndiye likundisokoneza. Ngati munthu uli ndi litsiro mvula ikakunyowetsa si ndiye kuti ikukusambitsa? Kapena akunena kuti vutolo unaliputa wekha posasamba? Amene munaumva kwa agogo anu, ankaunena pa nkhani yotani?