Thandizeni: kodi Rockwell ingalembe kabuku konse ka alimi?

Moni akuluakulu. Ndikukonza kabuku ka kalabu yathu ya alimi kofotokoza kapangidwe ka manyowa. Tidzakachulukitsa pa fotokope, pepala lake wamba, ndipo ambiri odzawerenga ndi azigogo oti maso adayamba kuchita chidima. Fonti (mtundu wa zilembo) ya Times New Roman ikundigwetsa ulesi: tona, inki wa mu fotokope, ikachepa, mizere yake yopyapyala imazimirira, "e" n'kumaoneka ngati "c". Ndiye maso anga agwera pa Rockwell ya mu Word ija, ya slab serif, yomwe zilembo zake zili ndi timapazi tokhuthala. Ndiigwiritse ntchito pa kabuku konse, kapena pa mitu yokha?

Wosindikiza mabuku: Mitu yokha, achimwene. Zilembo za mtundu umenewu zidabwera ndi Vincent Figgins ku London cha m'ma 1815, ntchito yake inali ya mapositala, zoti munthu aone ali patali. Rockwell ndi ya kampani ya Monotype, ya 1934, ndipo mizere yake yonse kunenepa kwake n'kofanana. Pa mutu imakoma, koma tsamba lonse limada bii, maso n'kutopa msanga. Komanso ndi yotambalala. Ndi mawu athu aataliwa, monga "akadzakuphunzitsaninso", mukayalanitsa mbali zonse ziwiri mupeza mipata ikuluikulu pakati pa mawu.

Mayi wopanga mapositala: Koma tisaiponde yonse slab serif ayi. Clarendon ya Robert Besley, ya 1845, timapazi take timalumikizana ndi thupi la chilembo mokhota, osati mwa ngodya, ndipo ili ndi mizere yonenepa ndi yochepako. Abale ake ndiwo ankasindikizira nyuzipepala, monga Ionic No. 5 ya kampani ya Linotype, chifukwa sankafufutika pa pepala lotchipa. Vuto lanu ndi lomwelo.

Wofunsa: Zikomo mayi. Nanga yaulere ilipo? Thumba la kalabu ndi lopyapyala kuposa Times New Roman.

Wosindikiza mabuku: Tsitsani Charis SIL. Idachokera ku Charter, yomwe Matthew Carter adapanga mu 1987 poganizira mapulinta osatulutsa bwino. Ili ndi ŵ wathu, pomwe mafonti ena mukalemba "Malaŵi" kompyuta imakabwereka chilembocho kwina, n'kumaoneka chachilendo. Kwa azigogo ikani saizi 12 kapena 13, mizere italikirane pang'ono. Musanachulukitse, pulintani tsamba limodzi, mulijambule pa fotokope yomweyo, kenaka mujambulenso kopeyo. Ndipo popita nako kosindikiza kakhale PDF, apo ayi fonti idzasintha yokha pa kompyuta yawo.