Hilux 3L ikuwira pamtunda, ndiike turbo kapena ndiyambire pati?

Mlimi_wa_Bembeke:

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni nzeru, paja safunsa anadya phula. Mwezi wathawu ndagula Hilux yakale ya 1995, LN106 ija ya masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo komwe, injini 3L ya 2.8 dizilo. Poyamba inali ya bungwe lina, kenako anaigula bambo ena amene anangoiimika pansi pa mtengo zaka ziwiri mpaka nkhuku zinkaikira mazira kumbuyo kwake. Ndaikoka mpaka pakhomo, ndakhetsa dizilo wakale, ndasintha oilo ndi mafyuluta, batire yatsopano, yalira ndithu. Chesesi ndagogoda ndi hamala paliponse ili bwino kupatula pomwe pamagwira sipuling'i yakumbuyo kumanja, pamenepo dzimbiri ladya pang'ono.

Vuto ndi ili. M'mawa imavuta kulira, ikalira utsi woyera tolotolo mpaka anthu oyandikana nawo kudandaula, pakapita mphindi zisanu utsi uja umachepa. Chachiwiri sabata yatha ndimakwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti nditanyamula matumba a chimanga, galimoto inalibiretu mphamvu, giya 2 mwina 1, ndipo muvi wa temperecha unakwera mpaka ndinaima kawiri kudikira kuti izizire.

Nde maganizo anga ndi oti ndiike turbo kuti izikoka bwino, ndiikweze pang'ono, ndiike matayala akuluakulu a mainchesi 31, ndionjezere masipuling'i kumbuyo chifukwa ntchito yake ndi kunyamula kachewere kupita ku Lilongwe. Ndikufuna ndizipanga zonsezi pakhomo pano ndi msuweni wanga amene anaphunzirako zaumakaniko, kugalaja ndalama yake sindingakwanitse. Alipo anaikapo turbo pa 3L? Ndiyambire pati?

Madala_a_Biwi:

Achimwene, turbo ibwere pambuyo, mwinanso isabwere n'komwe. Munthu akudwala malungo simumusenzetsa thumba lachiwiri. Injini imene ikuwira kale mukaiika turbo mungoifulumizitsa ulendo wakumanda, ndaziona ine zimenezi kangapo.

Yambani ndi zamadzi. Tsegulani pomwe pamakhala thermostat muone ngati ilimo, ndikubetcherani mulibe, amakaniko ambiri kuno amaichotsa n'kutaya ati kuti injini izizizira, chonsecho ndiye kuipha, m'mawa imachedwa kutentha ndipo madzi sayenda momwe anakonzera eni ake. Redieta muichotse mupite nayo kwa aja amatsegula n'kutsuka mapaipi ake mkati, galimoto yakhala zaka ziwiri ndi madzi a pamjigo mkatimo muli matope okhaokha. Chivindikiro cha redieta gulani chatsopano, n'chotchipa koma chimavutitsa anthu. Fani ija ili ndi kilachi yake ya mafuta, injini ikatentha muizimitse n'kupukusa fani ndi dzanja, ikangozungulira mopepuka ngati kapepala ndiye kuti yatha. Zonsezi mukhoza kupanga pakhomo ndi masipanala wamba.

Kenako yesani ichi: injini ili yozizira, dzazani madzi mu redieta, musatseke, lizani. Mukaona tithovu tikutuluka mosalekeza ndiye kuti gasiketi yapsa kapena hedi inang'aluka. Mainjini a banja la L awa, 2L, 3L, 5L, hedi yake ndi yachitsulo koma ikawira kangapo imakonda kung'aluka pakati pa mavavu. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha chonde, ndili ndi chipsera pamkono ine cha 1998 mpaka lero.

Za utsi woyera m'mawa, yambani ndi maglow plug, aja amatenthetsa mkati mwa injini kuti ilire m'mawa, alipo 4, chotsani muyese imodziimodzi pa batire, yabwino imafiira kunsonga. Ngati onse ali bwino ndiye mubwereke geji ya kompuresheni ya dizilo, osati ya petulo. Buku la Toyota limati 3L yabwino izipereka 32 kg/cm² kupita m'mwamba, ikatsika kufika 20 ndiye yatha, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5. Manambala amenewo ndi amene akuuzeni ngati mukungokonza pamwamba kapena mukutsitsa injini yonse. Manozo ndi pampu musagwire pakhomo, pitani nazo kwa aja ali ndi benchi yoyezera manozo ndi mapampu. Ndipo msuweni wanuyo asayerekeze kuika chala kutsogolo kwa nozo ikupopera, dizilo ameneyo amaboola khungu.

China chimene simunatchule n'komwe ndi timing belt. Imayenera kusinthidwa pa 100,000 km iliyonse, koma yanuyo yakhala zaka ziwiri osayenda, labala wauma, musakhulupirire kagetsi ka T-BELT ka padashibodi, anthu amangokazimitsa. Ikaduka muli pamsewu mapisitoni amenya mavavu, basi mwagula injini ina. Sinthani pamodzi ndi tensioner ndi water pump poti mwatsegula kale.

Za turbo tsono. 3L kompuresheni yake ndi yokwera, 22 kwa 1, sinapangidwe kuti izipopedwa mpweya. Anthu amaika inde, koma amene zimawayendera ndi amene injini yawo ili yathanzi ndipo phazi lawo ndi lofatsa. Inu mukufuna muzikwera nayo Khwekhwelere mutadzaza matumba. Ganizani bwino.

KabazaWaJoni:

Madala mwanena zoona zambiri koma pa turbo mukuopseza mwana kkkk. Kuno ku Joni mapikapu a 2.8 oikidwa turbo alipo ndithu ndipo akuyenda. Ambiri amatenga turbo ya CT20 ya pa injini ya 2L-T pamodzi ndi manifold yake, boost (presha ya mpweya umene turbo ikupopa) osapitirira 7 psi, ekizozi yokulirapo, ndiye chofunika kwambiri geji ya EGT yoyeza kutentha kwa utsi. Chimapha injini si turbo payokha ayi, ndi anyamata aja amapotokola sikuluwu ya pampu kuti ilowetse dizilo wambiri, galimoto n'kumafuka chiutsi chakuda iwo n'kumati yapeza mphamvu, kumeneko ndiye kusungunula mapisitoni. Muvi wa padashibodi uja umachedwa, ukamakwera zinthu zaonongeka kale, EGT imakuuza pompopompo kuti chotsa phazi.

Koma amwene ndikanakhala ine sindikanavutika nazo. Mukaphatikiza turbo, manifold, mapaipi a oilo, kuboola sampu, geji, ndalama yake ikuyandikira half cut, theka lakutsogolo la galimoto yodulidwa limene limabwera ndi injini yake. 5L ya 3.0 imakhala pamalo pomwepo pa 3L osadula kanthu, ingoonetsetsani kuti ndi 5L ya pampu wamba osati 5L-E ya kompyuta. Mukafuna mphamvu zenizeni ndiye 1KZ, 3.0 turbo yochokera kufakitale, koma imeneyo ndi ntchito, mamaunting'i, mawaya, nkhani ya giyabokosi, ndipo hedi yake ndi ya aluminiyamu, ikangowira kamodzi yang'aluka. Injini ya D-4D ya kompyuta ija musaiganizire n'komwe, ndi dizilo wa m'zigubu amene mumagula kumudziko mafuta akasowa manozo ake satha chaka, pomwe 3L imangomeza chilichonse.

Matayala a 31 ndi okongola eya koma dziwani kuti tayala likakula galimoto imafooka, zili ngati mwaikweza giya, ndipo sipidomita imayamba kunama. Inu mukudandaula kale kuti ilibe mphamvu.

Nachisale_Transport:

Ine si makaniko koma ndili ndi mapikapu awiri amene amanyamula tomato ndi kabichi kuchokera ku Lizulu, ndiye ndilankhuleko za thumba ndi mapepala poti abambo mukayamba za turbo mumaiwala zimenezi.

Choyamba mukasintha injini nambala yake ikusiyana ndi imene ili pa blue book. Sungani risiti ya komwe mwagula injiniyo ndipo mupite ku Road Traffic akasinthe m'mapepala, apo ayi pa COF mudzavutika, ngakhale tsiku logulitsa galimotoyo wogula adzakukayikirani kuti ndi yakuba. Ine ndinagula injini kwa mnyamata wina wopanda risiti, ndinayenda miyezi itatu kulondola kapepala kamodzi galimoto ili chiimire pakhomo.

Chachiwiri nkhani yoonjezera masipuling'i. Onjezerani limodzi kapena awiri, osapitirira. Dalaivala wanga wina anakaikitsa anayi mbali iliyonse ine osadziwa, galimoto inasiya kukhala pansi ikadzaza ndiye iye ankaona ngati ikhoza kunyamula chilichonse. Masipuling'i sanathyoke inde, inathyoka ndi chesesi, kuseri kwa kabini, komanso mabelingi akumbuyo tinkasintha ngati malaya. Hilux imeneyo ndi ya tani imodzi achimwene, matumba 20 a 50 kg mwafika kale. Sipuling'i sikuza mabuleki, ndipo potsika Khwekhwelere chokupulumutsani ndi mabuleki ndi giya yotsika, osati turbo. Ndiye pamene mwati padyeka dzimbiri paja, pomwe pamagwira sipuling'i, pamenepo ndi poyamba kukonza musanaike thumba lina lililonse.

Matayala ine ndimaika a 7.50R16 kapena 205R16C, ooneka oonda aja. Amapirira katundu, m'matope amadula bwino, ndipo likaphulika ku Ntcheu kapena ku Dedza ulipeza. A 31 ndi a anyamata opita kunyanja pa Khirisimasi.

Chimwe_265:

Kkkkk nkhuku zija mwazibwezera kwa eni ake kapena zinabwera ndi galimoto? Ine ndingoti mukamatsitsa injini musamangirire chain block panthambi ya mango, ankolo anga anatero nthambi inathyoka injini n'kugwera pa redieta yatsopano. Dulani mabulugama atatu okhwima mumange ngati mafuwa.

Madala_a_Biwi:

Mayi Nachisale mwalasa. Ndionjezere pa zokweza galimotozo poti mwana wa ku Joni sanazitchule. LN106 mukaikweza ndi mainchesi awiri zimatheka, kupitirira apo mwayamba kulimbana ndi mapaipi a mabuleki amene afupika, poropela, ndi chiwongolero chimene chimayamba kuyendayenda chokha. Komanso kumbuyo kuli kavavu kena kolumikizidwa ku difu ndi kandodo, ntchito yake ndi kuyeza kulemera kwa katundu n'kugawa mphamvu ya mabuleki akumbuyo. Mukakweza galimoto kapena kuumitsa masipuling'i osakasuntha, kamaganiza kuti galimoto ilibe katundu nthawi zonse, mabuleki akumbuyo n'kumagwira pang'ono inu mutadzaza kachewere. Ambiri sakadziwa n'komwe, ena amangokadula.

Powotcherera chesesi chotsani batire, tsitsani thanki ya dizilo, ndipo chigamba chake chikhale chachitsulo chokhuthala ngati chesesi yomweyo, osati zidutswa za mafelemu a zitseko. Pansi pa galimoto musalowe itangokhala pa jeki, ikani zitsa zamitengo, njerwa zimaphwanyika.

A KabazaWaJoni, za 7 psi ndi EGT sindikutsutsa. Koma geji imeneyo aziyang'ana ndani, mwini wake kapena dalaivala amene adzamulembe chaka chamawa?

KabazaWaJoni:

Apo ndiye mwandigwira madala kkkk. Dalaivala waganyu geji amaiona ngati wotchi.

Mlimi_wa_Bembeke:

Zikomo nonse, ndabweranso. Loweruka tinatsegula ndi msuweni wanga. Madala mukanabetcha mukanadya ndalama yanga, thermostat mulibe, ndipo redieta titaichotsa munatuluka zinthu ngati phala la mgaiwa. Maglow plug awiri ndi akufa. Fani ikungozungulira yokha. Tisanachotse redieta tinayesa za tithovu zija, tikutuluka ndithu, osati kwambiri koma sitikusiya. Geji ya kompuresheni tinabwereka kwa makaniko wina pa boma, masilinda atatu akupereka 28, 29, 28 koma yachitatu 22.

Nde tachotsa hedi. Gasiketi yapsa pa silinda yachitatu pomwepo, ndipo pakati pa mavavu pali kamzere kakang'ono kamene sindikudziwa ngati ndi mng'alu kapena kukalika chabe, Lachiwiri ndipita nayo ku Lilongwe akaiyeze ndi presha. Masilinda mkati akuoneka osalala, palibe mzere woti chikhadabo n'kukodwa. Timing belt ndiye musanene, ming'alu yokhayokha, sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji phiri lija.

Turbo ndaiika kaye pambali, mayi akunyumba amva nkhani ya chesesi yothyoka ija ndipo nkhani yathera pomwepo. Matayala ndigula oonda aja. Nkhuku zinatsala kwa eni ake a Chimwe, koma fungo lake ndinabwera nalo.

Funso lina madala: kusitolo andifunsa kuti gasiketi ndikufuna ya chilembo chanji, ati zilipo zingapo. Ndiwayankhe chani? Komanso mabauti a hedi ndibwezere omwewa?

Madala_a_Biwi:

Zilipo zitatu, B, D ndi F, zimasiyana kukhuthala kutengera momwe mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Yang'anani m'mphepete mwa yakaleyo musanaitaye, koma poti simukudziwa amene anaiika, kuli bwino muyeze ndi dial gauge. Gulani ya Toyota yeniyeni ngakhale iwawe m'thumba, zotchipa zija mudzatsegulanso mvula isanagwe. Mabauti ngati ndalama ilipo gulani atsopano chifukwa amatamuka. Pomanga yambani pakati kupita kunja mopingasa, pang'onopang'ono mpaka 78 Nm, kenako madigiri 90, kenakonso 90 ena, ikani kadontho ka penti pamutu pa bauti iliyonse kuti musasokonezeke. Mabowo a mabauti mu buloko muwapukute asakhale ndi oilo kapena madzi. Hedi ikabwera ku Lilongwe mutiuze zimene apeza musanagule chilichonse, ngati yang'aluka musalole kuti aiwotcherere.