Altezza yanga ikudya matayala mkati chitsitsireni, ndithandizeni

Abale anga pagulu pano, makamaka inu odziwa za magalimoto, ndigawireni nzeru mutu waima. Ndili ndi Toyota Altezza ya 2002 ija ya injini ya 1G, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare koma ntchito ndimagwira ku Msasa ndiye tsiku lililonse ndimadutsa tauni yonse. Mu Epulo ndinaitsitsa. Masipuling'i sindinadule ayi, ndinagula ma lowering spring enieni m'mashopu a zida za magalimoto mumsewu wa Kaguvi, inatsika mwina 40mm ndipo inakhala bwino zedi, ndikaimika pakhomo ndimachita kucheukanso.

Loweruka ndikutsuka ndinapisa dzanja kuseri kwa tayala lakumbuyo kumanzere, waya kundibaya chala mpaka magazi. Kusuzumira pansi ndinaona kunja tayala lili ngati latsopano koma mkati lasalala psiti, mawaya ali pamtunda. Miyezi isanu yokha abale, 215/45 R17, ndipo m'galimoto imeneyi ndi momwe ndimatengera ana kusukulu. Ukaima kumbuyo ukuchita kuona matayala atapendekera mkati chakumwamba.

Ndinapita ku alaimenti, pepala likuti camber (kupendekeka kwa matayala kuja) kumbuyo kumanzere -2.9, kumanja -2.2, kutsogolo konse -1.8. Mnyamata wa pamakina anati mabauti osinthira akumbuyo sakutembenuka ndiye anangokonza kutsogolo basi nkundilipiritsa. Wina pomwepo akuti abwere ndi gasi awotche arm (chitsulo cholumikiza tayala ku galimoto) nkuipinda pang'ono tayala liwongoke, mtima wanga wakana. Ndiye ndigule ma arm osinthika aja, kapena ndingoikweza ibwerere mwakale? Kukweza sindikufuna kunena zoona koma matayala miyezi isanu iliyonse sindingakwanitse.

Makanika wa ku Gazaland:
Achimwene za gasi zo musayerekeze, chitsulo chikawotchedwa chimafooka, chidzathyoka tsiku lomwe mwagunda dzenje muli pa liwiro. Chachiwiri, pepala lanulo mwatiwerengera camber yokha, nanga toe (kuloza kwa matayala mkati kapena kunja mukawayang'ana kuchokera pamwamba) ikuti bwanji? Chimene chimapala tayala msanga kwambiri ndi toe. Camber imapangitsa kuti kulemera kugwere m'mphepete mwa mkati, toe ikasokonekera tayala limayenda mokhukhuluzika pa tara, ziwirizi zikakumana ndi mawaya mwaonawo. Altezza ndi double wishbone (arm yapamwamba ndi yapansi pa tayala lililonse) kutsogolo ndi kumbuyo komwe, mukaitsitsa ma arm amasintha kakhalidwe ndiye camber ndi toe zonse zimasuntha. Sisitani tayalalo ndi chikhatho chopingasa, ngati mbali ina kukusalala mbali ina kukukala ngati mano a sowo, ndi toe imeneyo.

Mwini funso:
Madala ndayang'ananso pepala, toe yakumbuyo yalembedwa mofiira mbali zonse, ine sindinalabadire. Ndasisitanso, kukukaladi.

Makanika wa ku Gazaland:
Basi ndi pamenepo. Mabauti akumbuyowo ndi a cam, aja mukawatembenuza amasuntha arm, amachita dzimbiri nkugwirana ndi kachitsulo ka mkati mwa bushi (labala wa kumapeto kwa arm). Athireni mafuta omasulira masiku awiri atatu, akakana ndi kudula nkuika bauti ndi bushi zatsopano. Pomanga galimoto ikhale itaponda pansi ndi kulemera kwake, osamanga ili lende pa jeke, mabushi amapotoka nkung'ambika msanga. Mukatero alaimenti ya mawilo onse anayi, ayambire kumbuyo.

Mayi wina wa ku Highfield:
Pepani ine si makanika koma tayala la mawayalo chotsani lero lomwe bambo, ikani sipeya. Mvula ikayamba mu Novembala muno ndi ana m'galimoto, ayi ndithu.

Wina woyendetsa Altezza:
Aise chomwe chandidabwitsa ine ndi kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja, 0.7 ndi yambiri. Kutsitsa kokha kumapendeketsa mbali zonse mofanana kapena kusiyana pang'ono. Kumanzere ndi komwe timagundira maenje a m'mphepete mwa msewu, ndiye aone ngati arm sinapindike kapena bushi sinathe, ayezenso kutalika kuchokera pakati pa rimu kufika pa fenda mbali zonse. Yanga ili pansi chimodzimodzi, ma cam atamasuka inafika cha m'ma -1.5 kumbuyo ndipo matayala akutha bwinobwino. Ma arm osinthika mugule pokhapokha ma cam afika pothera koma camber ikadali yambiri, ndipo mupewe otchipa opanda dzina aja, ball joint yake sichedwa kugogoda.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi, sipeya ndaika kale madzulo ano, ana mawa akwera kombi. Mabauti ndayamba kuthira mafuta. Madala aku Gazaland, ndikadula mabautiwo ndifune a Toyota enieni kapena a galimoto yophwasula angagwire ntchito? Ndipo bushi ndisinthe mbali imodzi yakumanzereyo kapena zonse ziwiri?