Mlongo wanga ali pa rimandi ndipo chifuwa chamugwira: ndiyambire pati?

Membala wosatchula dzina

Adimini ndibisireni dzina chonde, nkhaniyi ikadali kukhoti.

Abale anga, mutu wandiima. Mlongo wanga wamng'ono ali m'ndende, uno ndi mwezi wachisanu ndi chitatu. Sanaweruzidwe, ali pa rimandi. Mlandu wake ndi wa katundu amene anasowa kumene ankagwira ntchito. Zoti analakwa kapena ayi sindinabwerere zimenezo, khoti ndilo lidzanene. Tsiku la mlandu laikidwa katatu, katatu konse walephereka: poyamba mboni sinabwere, kachiwiri fayilo sinaoneke, kachitatu galimoto yowatengera kukhoti sinafike n'komwe.

Ndimakamuona kawiri pa mwezi. Loweruka lapitali ndinabwerako nkhongono zitandithera. Munthu anali wojintcha uja, lero mafupa a pakhosi akuchita kuwerengeka. Akutsokomola kosalekeza, akuti watha mwezi ndi theka, ndipo usiku amadzuka malaya ali nyowee ndi thukuta. Pakati pa zala pali mphere. Nditamufunsa ngati anapita kuchipatala cha momwemo, anati analembetsa dzina kawiri, ulendo umodzi anam'patsa mapiritsi opha ululu basi. Makhololo sanamuyeze. M'chipinda chawo akuti amagona chammbali, mmodzi akafuna kutembenuka mzere wonse utembenuke, ndipo mpweya umalowera pa timabowo tam'mwamba.

Nditanena kuti ndikufuna kukaonana ndi akuluakulu a pamalopo, anagwira waya wotilekanitsa uja n'kuti, "Achemwali musatero. Inu mukapita kwanu, ine nditsala muno." Mawu amenewo sakundigonetsa tulo. Ndikakhala chete, ndikuopa kuti ndidzaitanidwa kukatenga mtembo. Ndikayankhula, ndikuopa kuti ndimuputira mavuto amene sindidzawaona ndi maso anga.

Ndiye ndithandizeni. Kodi pali njira yopemphera kuti amuyeze popanda kumuika pamoto? Munthu amene khoti silinamupeze wolakwa angakhale m'menemo mpaka liti?

Chinanso. Mwana wake wamkazi wa zaka 6 ndikumusunga ndine. Tinamuuza kuti adadi anapita kutali kukagwira ntchito. Sabata yatha wabwera kusukulu akulira, mnzake wamuuza kuti bambo ako ndi mkaidi. Amayi athu akuti ndisayerekeze kupita naye kumeneko. Ine mtima uli pawiri.

Namwino wopuma

Mwana wanga, za chifuwazo usazengereze ngakhale sabata imodzi. Kutsokomola kopitirira masabata awiri, thukuta la usiku ndi kuonda, kuchipatala kulikonse zizindikiro zimenezi zikaoneka pamodzi timayamba taganiza za chifuwa chachikulu cha TB. Sindikuti ndi chimenecho, pafoni sitiyeza munthu, koma ayenera kupereka makhololo. Makina oyezera makhololo otchedwa GeneXpert amatulutsa zotsatira m'maola awiri okha, ndiye kuyezako si nkhani yovuta. Apemphenso kuyezedwa HIV nthawi yomweyo chifukwa matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi.

TB imayenda mumpweya, ndiye m'chipinda chothithikana chopanda mazenera imafala ngati moto wolusa. Mfundo imeneyi ikuthandize pokayankhula ndi akuluakuluwo: munthu mmodzi wosayezedwa akuika pachiswe anzake onse a m'chipindamo, ngakhalenso asilikali amene amatsegula chitseko m'mawa, pamodzi ndi ana awo kunyumba. Wamkulu wa ndende wanzeru amamva msanga akauzidwa choncho.

Akapezeka nayo, mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi umodzi, kumwa tsiku lililonse osadumphitsa. Pamene anthu amagwera ndi posamutsidwa kapena potuluka: khadi limatsala kwina, mankhwala n'kudukiza, kenako TB ija imasanduka yosamva mankhwala. Ukhale ndi tsiku limene wayambira komanso dzina la mankhwalawo m'kope lako. Mpherezo zimachizika, koma zovala ndi zofunda zichapidwe nthawi imodzi ndi kudzola mankhwala, apo ayi zimabwerera.

Ndinakhalamo zaka zinayi

Achemwali, mantha a mlongo wanuyo ndi enieni, musawapeputse. M'kati muja munthu akadziwika kuti abale ake anabwera kudzakalipa, akhoza kuvutika m'njira zing'onozing'ono zosaoneka: kusinthidwa malo ogona, dzina lake kuiwalika pa mndandanda. Koma kukalipa ndi kupempha ndi zinthu ziwiri. Ine amene anandipulumutsa ndi mkazi wanga. Sanatukwane munthu, sanatchule dzina la msilikali aliyense. Analemba kalata yaulemu kwa wamkulu wa ndende, yonena zinthu zitatu zokha: dzina langa, zimene anaona pathupi langa ndi tsiku limene anaziona, ndi pempho loti dokotala andiyeze. Analemba makalata awiri ofanana, ina anasiya, ina anapempha kuti amudindire n'kubwerera nayo. Pepala lodindidwa limachita zimene pakamwa sipangathe.

Koma muyambe mwamuuza iyeyo, ndipo avomere. Musamuchitire zinthu kumbali. M'menemo munthu amalandidwa chilichonse: nthawi yodzuka, yodya, yogona, zonse amakuuza ndi wina. Ndiye abale akonso akayamba kukuganizira osakufunsa, umadziona ngati katundu. Mumuwerengere kalatayo pawaya pomwepo. Mumufunsenso kuti nyapala wa m'chipinda chawo, mkaidi woyang'anira anzake uja, ndi munthu wotani, chifukwa nthawi zambiri dzina la wodwala limadutsa mwa iyeyo lisanafike kwa asilikali.

Ndipo musaleke kupita. Anthu akunja amaganiza kuti chofunika ndi chimene wanyamula m'manja. N'zoona, sopo ndi chofunda zimathandiza kwambiri. Koma dzina lako likaitanidwa kuti kuli alendo, chipinda chonse chimadziwa kuti uyu ali ndi ake, ndipo amakuona mosiyana. Ndinaona anthu amphamvu kuposa ine akufooka osati ndi njala, koma chifukwa chaka chinatha osaitanidwapo. Tsiku limene mwalephera kupita, lembani kalata. Mulembemo zazing'ono: mwana wagululuka dzino, denga munakonza, uje anabereka. Ine makalata anga ndinkawawerenga mpaka pepala kung'ambika m'mopinda.

Wothandiza anthu pa zamalamulo

Mayi, chimene mukupempha si chifundo ayi, ndi choyenera chake. Mu Disembala 2015, msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza malamulo 122 a kasungidwe ka akaidi, amene amatchedwa Malamulo a Nelson Mandela. Anachita kukonzanso amene analipo kuyambira 1955. Anawapatsa dzina la Mandela chifukwa iye anakhala m'ndende zaka 27, zaka 18 mwa zimenezo ku Robben Island, kumene poyamba ankaloledwa mlendo mmodzi ndi kalata imodzi pa miyezi isanu ndi umodzi.

Okhudza inu kwambiri ndi awa. Lamulo 24 limati kusamalira thanzi la mkaidi ndi udindo wa boma, kwaulere, ndipo chithandizo chake chikhale chofanana ndi chimene anthu akunja amalandira. Limatchula TB ndi HIV mwachindunji. Lamulo 30 limati munthu ayezedwe akangolowa, ndipo woganiziridwa kuti ali ndi matenda opatsirana apatulidwe n'kulandira mankhwala. Lamulo 56 limapatsa mkaidi ufulu wodandaula, ndipo ngati iye kapena loya wake sangathe, wachibale akhoza kumudandaulira. Lotsatira lake limaletsa kubwezera munthu chifukwa chodandaula. Lamulo 11 limati amene sanaweruzidwe asasakanizidwe ndi oweruzidwa.

Ndikuuzeni chilungamo: malamulowa si pangano lokakamiza dziko, ndi muyezo wochepetsetsa umene mayiko anagwirizana. Simungalowe nawo pachipata n'kuyamba kuwerengera msilikali, mungoipitsa zinthu. Ntchito yake ndi yoti mudziwe kuti simukupempha zachilendo, komanso loya awatchule pamodzi ndi malamulo a dziko lanu.

Koma mankhwala enieni a nkhani yanu ndi belo. Pangano la mayiko la 1966 la ufulu wa anthu ndi ndale, pa ndime 9, limati woimbidwa mlandu aweruzidwe m'nthawi yoyenera kapena amasulidwe, ndipo kusunga anthu oyembekezera mlandu kusakhale chizolowezi. Mayiko ambiri ali ndi malire a masiku a rimandi m'malamulo awo. Pitani ku ofesi yothandiza anthu osatha kulipira loya, munyamule nambala ya mlandu, tsiku limene anamangidwa ndi masiku atatu amene mlandu unalephereka. Ngakhale belo anamukaniza poyamba, zinthu zikasintha amapemphanso, ndipo matenda komanso kuchedwa kwa mlandu ndi zifukwa zomveka. Mukonzekeretu anthu omuimira pa belo, okhala ndi ziphaso ndi malo okhazikika. Padziko lonse akaidi ndi oposa 11 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse ndi wosaweruzidwa ngati mlongo wanuyu. Ambiri amakhalitsa chifukwa kunja kulibe wotsatira fayilo yawo.

Wobeledwa kawiri

Pepani, koma ine zimandiwawa ndikamaona anthu akulira ufulu wa akaidi. Ine anandithyolera nyumba kawiri, zonse zimene ndinavutikira zinapita, palibe anandilembera malamulo 122. Ndende si hotela. Akanaganiza kaye asanachite.

Membala wosatchula dzina

Bambo, pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani, ndipo sindikukutsutsani kuti wakuba alangidwe. Mlongo wanga akadzapezeka wolakwa, agwire ukaidi wake, ine sindidzam'bisa. Koma lero khoti silinanene kanthu. Ndipo ngakhale litati zaka zisanu, lidzanena zaka, silidzanena kuti aole mapapo. Sindikum'pemphera matiresi. Ndikupempha kabotolo kolavuliramo makhololo.

Msilikali wa ndende wopuma

Ndiikepo mawu, chifukwa ndinagwira ntchito imeneyi zaka zambiri. Bambo obeledwa, ululu wanu ndaumva. Koma pafupifupi onse amene ndinawatsekera chitseko, tsiku lina ndinawatsegulira. Anabwerera pakati pa anthu, akukwera nanu galimoto imodzi. Akatuluka ndi TB, mudzapuma mpweya womwewo. Akatuluka ndi mtima wowawa, opanda luso, abale atawataya, mukuganiza akagogoda pakhomo pa yani?

Kwa inu mayi: si onse ovala yunifolomu amene ali ouma mtima. Nthawi zambiri vuto limakhala loti wachipatala ndi mmodzi, odwala mazana, ndipo kutengera mkaidi kuchipatala chakunja kumafuna galimoto ndi omuperekeza. Wopatsidwa mpata amakhala amene nkhani yake ili papepala. Kalata ija mulembe. Mufunsenso ofesala woona za umoyo wa akaidi ndi mabanja awo, kapena abusa ndi mashehe amene amalowa kukapemphera nawo, amenewo mawu awo amafika. Chimodzi ndikupempheni: musapereke ndalama m'manja mwa msilikali kuti akuthandizeni. Mukayamba simudzamaliza, ndipo zikaululika wolangidwa ndi mlongo wanu. Mankhwala aliwonse ochokera kunja adutse kwa wachipatala, musabise m'zovala.

Mphunzitsi wa ana aang'ono

Za mwanayo, achemwali, bodza lija latha kale ntchito. Wamva kwa mnzake, ndiye tsopano akusenza zinthu ziwiri: kusowa bambo, ndi kukayikira azakhali amene amawadalira. Khalani naye pansi mumuuze mwachidule: adadi ali pamalo pamene anthu amadikirira kuti akuluakulu aweruze nkhani yawo, sangatuluke pamene afunira, amakukonda, ndipo iwe sunalakwe chilichonse. Mawu omalizawo muwabwereze, chifukwa ana a msinkhu umenewu amadziimba mlandu mumtima kuti mwina bambo anachoka chifukwa cha kusamvera kwawo. Aphunzitsi akenso muwatsine khutu kuti aziyang'anira zotonzana.

Mayi wa ana atatu

Kumuuza ndikugwirizana nazo, koma kupita naye musafulumire. Ine ndinatenga wanga kukaona bambo ake ndisanamukonzekeretse. Kusechedwa pachipata, phokoso, bambo ake ali kuseri kwa waya osatha kumunyamula, mwana anakodzera pogona mwezi wathunthu. Ulendo wachiwiri ndinayamba ndamufotokozera zonse zimene akaone, zinayenda bwino, mpaka ankawerenga yekha masiku. Komanso ndi chifuwa chimenecho dikirani zotsatira kaye. Pakadali pano ajambule zithunzi, inu muzikapereka. Bambo akenso afunsidwe, ena safuna mwana awaone ali choncho.

Membala wosatchula dzina

Zikomo nonse, ndawerenga uliwonse mpaka misozi. Ndabwera kudzakuuzani pamene zafika. Kalata ndinalemba, ndinamuwerengera pawaya. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ndichotse chiganizo chonena kuti analembetsa kawiri osathandizidwa, chifukwa chikuloza munthu. Ndinachotsa. Anandidindira yanga ndipo ndili nayo. Dzulo ndamva kuti makhololo amutenga, zotsatira sizinatuluke. Ku ofesi ya maloya ndapatsidwa tsiku la Lachiwiri, omuimira ndapeza mmodzi, wina ndikufunafuna.

Mwana ndamuuza. Sanalire. Anangofunsa ngati kumeneko adadi ali ndi bulangete, kenako anakatenga pepala n'kujambula nyumba ya zitseko ziwiri. Amayi athu sakundiyankhulabe bwino chifukwa cha zimenezi.

Bambo amene munakhalamo zaka zinayi, ndikufunseni chimodzi. M'chipinda chake muli mnyamata wina amene mlongo wanga akuti chilowereni sanaitanidwepo ndi mlendo, abale ake mwina sakudziwa n'komwe kumene ali. Wandipempha kuti ulendo wamawa ndimuitanitse nayenso. Kodi zimaloledwa kuona munthu amene si m'bale wako, ndipo pachipata ndikanene kuti ndine ndani wake?