Ashwagandha kapena St John's wort, ndigule botolo liti?

Mayi wa ku Area 25: Abale ndithandizeni nzeru. Miyezi itatu tsopano ndikumadzuka thupi lili lefu, mtimanso sukukondwa ndi chilichonse. Mnzanga wakuntchito amaoda mabotolo a mankhwala azitsamba otchedwa ashwagandha ndi St John's wort ku Joni. Limodzi mtengo wake ndi ndalama ya ndiwo za masabata awiri. Ndigule liti?

Achimwene a ku Joni: Ashwagandha ndinamwapo mwezi wathunthu, achemwali. Tulo ndinkapeza, sindinama. Koma mphamvu zomwe amalonjeza pabotolozo sindinazione.

Namwino wopuma: Mwanangu, St John's wort musaikhudze musanandiyankhe. Pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku? Chitsamba chimenechi chimachititsa chiwindi kutaya msanga mankhwala ena, ndiye amatha mphamvu m'thupi. Ma ARV omwe ambiri akumwa masiku ano, a dolutegravir aja, sagwirizana nacho. Mapilitsi olera chimodzimodzi, munthu amatha kuima akumwa mokhulupirika.

Mayi wa ku Area 25: Mayo! Ndili pa mapilitsi olera, amayi. Wogulitsayo sanandifunse n'komwe.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Komatu tisazinyoze zonse. Ku Germany madokotala enieni amalembera anthu ovutika maganizo St John's wort.

Namwino wopuma: Zoona aphunzitsi, koma amalemba ndi dokotala woti waona kaye mankhwala onse amene wodwalayo akumwa. Ashwagandha nayonso si ya woyembekezera, ena inawapweteka chiwindi, ndipo Denmark inaletsa kuigulitsa mu 2023. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi kutopa kwa miyezi itatuko. Amayi ambiri omwe ndinkawaona otere anali ochepa magazi, ena shuga. Kayezetseni, mwanangu, ndipo za mtima wosakondwazo mukazinenenso, musachite manyazi.

Wa ku Chikwawa: Magazi akapezeka ochepa mundiuze. Kwathu chammwamba ndi mpanda wa nyumba. Timayanika masamba pamthunzi, kusinja, n'kumathira muphala. Ena akuchigula m'makapisozi chomwe ife timathyola ulere!

Namwino wopuma: Chammwamba ndi ndiwo zabwino, ayironi alimo. Koma magazi akatsika kwambiri pachokha sichingakwanitse, pamafunika mapilitsi akuchipatala.

Achimwene a ku Joni: Ine ashwagandha ya tulo ndingagulenso, koma ku famase, osati ya m'chikwama cha munthu.

Mayi wa ku Area 25: Ndamuuza mnzangayo kuti asandisungire botolo. Lolemba ndilawirira kuchipatala. A ku Chikwawa, ufawo mumathira wochuluka bwanji m'mbale ya phala?

Wa ku Chikwawa: Kasupuni kamodzi kakang'ono, phala litaphulidwa kale pamoto.